Tameki samva ulaliki

Nkhani ya munthu amene wamwa mankhwala ophera tizilombo tonse tidailoweza. Mneneri wa apolisi amatchula zaka za malemu, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kenaka chifukwa, m'mawu awiri kapena atatu: ngongole ya banki m'khonde, katapila, mkangano wa m'banja. Kenaka malangizo akuti anthu aziuzako anzawo akakhala pa mavuto. Mwambo wotsalawo timakamalizira pa Facebook. Ena amalemba kuti ause mumtendere, ena kuti amuna a masiku ano ndi ofooka, ena amaponyapo vesi. Kukacha, mnyamata uja wa pa depoti ali pomwe adali dzulo, timapepala m'manja, akukuwa kuti wa makoswe, wa mphemvu, wa nsikidzi.

Za kapepalako sitifunsa. Timafunsa za mtima wa malemu, za mkazi wake, za mapemphero ake. Ine ndikuti tikufunsa mafunso olakwika, ndipo kulakwitsa kwathuko kukupha anthu amene akadachira. Munthu akamwa poizoni wa mtundu uwu, zimene zimagamula kuti afe kapena akhale ndi moyo ndi zinthu zowerengeka ndi zala: mankhwala amene adali m'botolomo, mtunda wa kuchipatala, kuchuluka kwa atropine amene ali m'kabati ya chipatalacho, ndiponso ngati alipo woti amuthandize kupuma iye akalephera. Zonsezi zili m'manja mwa boma ndi mwa ife. Palibe chimodzi chimene chimasintha chifukwa choti m'busa wakalipa pa maliro.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi, chifukwa ambiri timangoti "wamwa poizoni" ngati kuti poizoni yense ndi mmodzi.

Mankhwala ambiri amene alimi amapopera m'dimba, pa thonje kapena pa chimanga ali m'gulu lotchedwa organophosphate. Gululi mbiri yake si yabwino. Katswiri wa ku Germany, Gerhard Schrader, akufufuza mankhwala ophera tizilombo ku kampani ya IG Farben, adatulukira tabun mu 1936, ndipo mu 1938 iye ndi anzake adapanga sarin. Awiriwa adasanduka zida za nkhondo. Parathion, amene adafala m'minda ya dziko lonse nkhondo itatha, adachokera m'manja momwemo. Tameki weniweni, amene dzina lake lidachokera ku Temik wa kampani ya Union Carbide, ndi aldicarb, wa gulu lina lotchedwa carbamate, koma m'thupi amamenya malo omwewo. Adamupangira tizilombo ta m'nthaka ya m'minda ikuluikulu. Sadamupangire makoswe a m'nyumba momwe mukukwawa ana.

Mitsempha yathu ikafuna kulamula mnofu kuti ugwire ntchito, kapena kulamula kuti malovu atuluke, imatumiza mthenga wotchedwa acetylcholine. Uthenga ukafika, pali enzyme yotchedwa acetylcholinesterase imene imafufuta mthengayo kuti lamulo lisapitirire. Mankhwala awa amamanga enzyme imeneyo. Lamulo limangoperekedwabe osaleka. Malovu amachucha, thukuta, misozi, masanzi, kutsekula m'mimba, mkodzo. Kamwana ka diso kamachepa mpaka kukhala ngati nsonga ya singano. Mtima umayenda pang'onopang'ono, minofu imanjenjemera kenaka n'kufooka. Choopsa kwambiri chili m'chifuwa: njira za mpweya zimapanikizika, mapapo n'kudzaza madzi. Thovu limene timaona kukamwa lija likutanthauza kuti munthuyo akumira, ali pamtunda, m'madzi a m'thupi lake lomwe. Ambiri amafa chifukwa cholephera kupuma.

Apa ndi pamene chikondi cha achibale chimawonjezera ngozi. Timathamangira mkaka, mazira aawisi, mafuta ophikira, madzi a mchere kapena a sopo, ati asanze. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Munthu amene akukomoka sangameze bwino, ndiye zimene mukumuthira kukamwazo, pamodzi ndi masanzi, zimalowera m'mapapo amene adzaza kale. Mankhwala amadzi aja amasungunulidwa m'zinthu zonga mafuta a galimoto, zimene zikalowa m'mapapo zimaotcha. Mphindi zimene zatha posaka mkaka kwa aneba zikadathera pa msewu wa kuchipatala. Chofunika n'kumuvula zovala zonyowa ndi mankhwala, kumugoneka chammbali kuti malovu azituluka, kunyamula botolo kapena kapepalako kuti adokotala akaone, n'kunyamuka. Uthenga umenewu ndi waufupi, ungakwane pa wailesi m'mphindi imodzi. Ndimamva kawirikawiri uthenga wa feteleza ndi wa mbewu za makono. Uwu ayi.

Kuchipatala, mankhwala amene amabweza munthu kuchoka pakhomo pa manda ndi atropine. Ndi akalekale, otsika mtengo, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Amaumitsa chifuwa n'kudzutsa mtima. Koma kaperekedwe kake ndiye nkhani. Ku Chittagong m'dziko la Bangladesh, madokotala adayerekeza njira ziwiri pa odwala 156, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2012. Gulu lina linkalandira mlingo womwewo mobwerezabwereza monga mwa chizolowezi. Gulu lina linkalandira mlingo wowirikiza kawiri pa mphindi zisanu zilizonse mpaka chifuwa chitauma, kenaka n'kupitiriza pa diripi. M'gulu loyamba zinkatenga maola awiri ndi theka kuti mankhwala akwanire m'thupi, ndipo adamwalira odwala 22 mwa 100 aliwonse. M'gulu lachiwiri zinkatenga mphindi zosakwana 30, ndipo adamwalira 8 mwa 100 aliwonse. Mankhwala omwewo, chipatala chomwecho. Kusiyana kudali kudziwa ndi kulimba mtima kwa wobaya jakisoni.

Tsono taganizani za chipatala chaching'ono cha kumudzi. Kabotolo kamodzi ka atropine kamakhala ndi miligalamu imodzi kapena kucheperapo. Wodwala mmodzi amene wamwa kwambiri angafune timabotolo makumi angapo tsiku loyamba lokha. Ngati m'kabati muli timabotolo khumi toti tithandizenso ku ntchito zina, wodwalayo amalandira tiwiri kapena titatu, n'kulembedwa kalata yopita ku chipatala cha boma, n'kuyamba kudikira ambulansi imene mwina ilibe mafuta. Akafera m'njira timalemba kuti wafa ndi poizoni. N'zoona, koma ndi theka la choonadi.

Za tameki weniweni zimapweteka koposa. Carbamate samanga enzyme ija mpaka kalekale. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri imamasuka yokha. Ndiye kuti munthu amene wathandizidwa kupuma ndi kulandira atropine wokwanira pa maola oyambawo ali ndi mwayi waukulu wotuluka m'chipatala akuyenda yekha. Imfa zake zambiri ndi imfa za mtunda ndi za kuchedwa.

Organophosphate ali ndi msampha wina umene achibale ambiri saudziwa. Mu 1987 madokotala awiri a ku Sri Lanka, Senanayake ndi Karalliedde, adalemba za odwala amene ankaoneka kuti achira, akulankhula, akupempha phala, koma pakati pa tsiku loyamba ndi lachinayi minofu ya khosi, ya mapewa ndi yopumira inkafooka mpaka kupuma kuima. Adautcha intermediate syndrome. Atropine pamenepa sathandiza. Chimene chimathandiza ndi makina othandiza kupuma, kwa masiku angapo, nthawi zina masabata, mpaka minofu itabwerera. Chizindikiro choyamba n'chosavuta kuchiona: muuzeni wodwala adzutse mutu pa pilo. Akalephera, ngozi yayandikira. Kuyeza kumeneku sikufuna magetsi kapena ndalama, kumangofuna munthu woti azibwera pa bedipo maola angapo aliwonse. Koma namwino mmodzi amene wasiyidwa ndi wodi yonse usiku angafike kangati? Ndipo akaona kuti mutu sukudzuka, amutumiza kuti? Zipinda za odwala mwakayakaya za boma zili m'zipatala zikuluzikulu za Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, mabedi ake ndi owerengeka, ndipo bedi lililonse likulimbiranidwa ndi mayi amene wataya magazi pobereka ndi mnyamata amene wagundidwa pa kabaza.

Ndikunena zimenezi kuti tisadzinamize kuti chipatala chokha chidzatipulumutsa. Ngakhale kumene kafukufuku wachitika kwambiri, zida zilipo zochepa. Makala a kuchipatala aja omwetsa odwala adayesedwa ku Sri Lanka pa anthu oposa 4,600, ndipo mu 2008 zidapezeka kuti sachepetsa imfa. Pralidoxime, amene mabuku amati amamasula enzyme ija, adayesedwa pa odwala 235, ndipo mu 2009 phindu lake silidaoneke. Kutsuka m'mimba mokakamiza, munthu atagwiridwa manja ndi miyendo, njira ya mpweya isadatetezedwe, kungathe kumupha m'malo momuthandiza. Chotsala ndi atropine, okosijeni, makina opumira ndi maso a namwino. Dziko losauka ngati lathu silingapambane nkhondoyi pa bedi la chipatala. Liyenera kuipambana pa shelefu ya sitolo.

Umboni wake ulipo. Mu 2005 Michael Eddleston ndi anzake adasindikiza mu magazini ya The Lancet zimene adapeza pa odwala 802 a ku Sri Lanka amene adamwa mitundu itatu ya organophosphate. Mayina ake ndawasiya dala, ndipo ndikadakonda atolankhani athu akadamachitanso chimodzimodzi. Pa mtundu woyamba adamwalira 8 mwa 100 aliwonse, pa wachiwiri 16, pa wachitatu 23. Kafedwe kakenso kadali kosiyana: ena ankafa msanga magazi atasiya kuthamanga, ena ankafika akuoneka bwino n'kudzalephera kupuma patapita masiku. Kodi tinene kuti a gulu lachitatu adali ndi ngongole zazikulu kuwirikiza katatu? Kapena ankapemphera pang'ono? Adangotola botolo limene lidali pafupi. Ndipo mitundu itatu yonseyi WHO idaiika m'gulu limodzi, lachiwiri, la mankhwala "oopsa pang'ono", chifukwa magulu amenewa amawerengedwa poyesa makoswe. Khoswe si munthu.

Kuti anthu amatola chimene chili pafupi si maganizo anga. Ofufuza omwewo atafunsa odwala amene adapulumuka, oposa theka adati kuchokera pamene adaganiza mpaka pamene adamwa sipadathe mphindi 30. Ndi mkwiyo wa madzulo amodzi, manyazi a tsiku limodzi, nthawi zambiri mowa uli m'mutu. Ku Britain achinyamata amachitanso zomwezo pa mkwiyo womwewo, koma chimene amapeza m'nyumba ndi mapilitsi, ndipo mwa anthu 100 ofika kuchipatala amene amafa sakwana mmodzi. Ku midzi ya ku Asia amafa 10 mpaka 20. Kafukufuku wotsatira anthu kwa zaka zambiri amaonetsanso kuti mwa anthu khumi amene apulumuka, asanu ndi anayi sadzafa modzipha. Amabwerera kumunda, amalera ana, ngongole ija amaibweza pang'onopang'ono kapena imangoiwalika.

Sri Lanka idachitapo kanthu. Mu 1984 idaletsa parathion. Mu 1995 idaletsa mankhwala onse a gulu loyamba la WHO. Mu 1998 idaletsa endosulfan, ndipo pakati pa 2008 ndi 2011 idachotsa ena atatu. Mu 1995 dzikolo lidali m'gulu la maiko amene anthu ankadzipha kwambiri pa dziko lonse. Pofika 2015 chiwerengerocho chidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 aliwonse, ndipo ofufuza akuti miyoyo pafupifupi 93,000 idapulumuka m'zaka 20 zimenezo. Anthu sadasiye kukangana m'mabanja. Sadasiye n'komwe kumwa mankhwala. Adasiya kufa nawo.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Choyamba n'chakuti wofuna kufa apeza njira ina. Ena amaipezadi, ndipo kuletsa mankhwala sikuthetsa katapila, ulova kapena matenda a maganizo. Koma zikadakhala kuti onse amangosamukira ku njira ina, chiwerengero chonse cha ku Sri Lanka sichikadatsika. Chidatsika. Ku Bangladesh, ataletsa mankhwala a gulu loyamba mu 2000, imfa zidatsikanso. Ku South Korea, atachotsa paraquat mu 2011 ndi 2012, chimodzimodzi. Mawu akuti "apeza njira ina" amamveka anzeru pa bawo, koma ntchito yake yeniyeni ndi kutipatsa chilolezo chokhala pansi.

Chachiwiri n'chakuti tikaletsa mankhwala tigona ndi njala. Mantha amenewa ndimawamvetsa. Tonse tikukumbukira ntchemberezandonda za mu 2017, pamene boma lidalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi, ndipo mlimi amene waona anankafumbwe akusandutsa thumba la chimanga kukhala fumbi safuna kumva za kafukufuku wa ku Asia. Koma palibe amene akuti tiletse mankhwala onse. Nkhani ili pa ochepa amene akupha anthu kwambiri. Ku Sri Lanka adafufuza zokolola za mpunga ndi mbewu zina pambuyo pa ziletso zija, ndipo sadapeze kuti zatsika chifukwa cha ziletsozo. Alimi adangogula mankhwala ena. Posunga chimanga tili kale ndi matumba a PICS amene safuna mankhwala n'komwe. Ndipo tameki wa pa depoti sakuteteza munda wa munthu aliyense.

Chachitatu ndi chimene mabungwe ndi ogulitsa mankhwala amachikonda: tiphunzitse anthu kusunga bwino. N'chokoma m'makutu, chili ndi misonkhano ya kunyanja ndi maalawansi ake, ndipo sichikhumudwitsa wamalonda aliyense. Chidayesedwa. Ku Sri Lanka komweko adatenga midzi 180, anthu oposa 220,000, theka la midziyo n'kugawira makomo zotengera zokhoma ndi loko zosungiramo mankhwala. Atatsatira kwa zaka zitatu, zotsatira za mu 2017 zidati palibe kusiyana pakati pa midzi ya maloko ndi yopanda maloko. Mwini kiyi ndi yemweyo amene wakwiya. Kuphunzitsa kuli ndi malo ake, makamaka poteteza ana ndi opopera m'minda, koma amene akukuuzani kuti kulowe m'malo mwa chiletso muyambe mwamufunsa kuti amagulitsa chiyani.

Ana tisawaiwale, chifukwa iwo sadasankhe chilichonse. Poizoni wa makoswe timamusakaniza ndi ufa, usipa kapena nsima n'kumuika pansi, pomwe mwana wokwawa amafika. Mankhwala amadzi timagula opungulira m'botolo la chakumwa, lopanda chizindikiro. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi adamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo kuyeza kudapeza terbufos, organophosphate wa m'minda amene adatulukira pa msewu ngati mankhwala a makoswe. Mkwiyo woyamba udagwera eni timasitolo ochokera kunja, ndipo abale athu okhala ku Joni akudziwa mmene masiku amenewo adalili. Koma mankhwalawo adali ololedwa ndi boma lomwelo. Mu June 2025 nduna za South Africa zidavomereza kuti aletsedwe. Padafunika mabokosi asanu ndi limodzi aang'ono. Chaona mnzako chapita, ndipo timapepala tathu ta pa depoti palibe amene angalumbire kuti muli chiyani. Timangoti tameki chifukwa ndi dzina limene tikulidziwa.

Lamulo tili nalo. Pesticides Act ya mu 2000 idakhazikitsa Pesticides Control Board, ndipo imafuna kuti mankhwala alembetsedwe, akhale ndi chizindikiro, wogulitsa akhale ndi chiphaso. Aldicarb ali m'gulu loopsa kwambiri la WHO, ndipo kuyambira 2011 ali pa mndandanda wa pangano la Rotterdam la mankhwala amene sayenera kulowa m'dziko popanda dzikolo kuvomera. Nanga akugulitsidwa bwanji masanasana, moyang'anizana ndi wapolisi wa pamsewu ndi wotolera msonkho wa khonsolo? Kugwira mnyamata wogulitsayo n'kosavuta, ndipo mawa m'bale wake adzaima pamalo pomwepo. Iye sapanga mankhwala ndipo alibe lole. Alipo amene amalowetsa matumba athunthu n'kumapungulira m'timapepala. Funso langa kwa bungweli, kwa a MRA a m'malire ndi kwa apolisi ndi lakuti thumba limenelo limadutsa pati.

Palinso nkhani ya lamulo lina. Gawo 229 la Penal Code, limene tidalandira kwa atsamunda, lidalemba kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu. Eni ake a ku England adachotsa lamulo lotere mu 1961. Ghana idachotsa mu 2023, ndipo khoti lalikulu la ku Kenya lidaligwetsa mu January 2025. Ganizirani banja limene lapeza mwana wawo akutuluka thovu pakati pa usiku. Pa poizoni amene mphindi iliyonse ikuwerengedwa, mantha a polisi ndi manyazi a pamudzi amawauza kuti ayambe ayesa mkaka. Akafika kuchipatala amanama kuti wadya bowa, kapena wangogwa. Ndipo ganizo lakuti munthuyu ndi wolakwa silithera ku polisi. Limalowa mpaka m'wodi, m'mawu aja akuti "wadzifunira yekha ameneyo, tiyambe tathandiza odwala enieni". Wodwala ameneyu ndi weniweni, ndipo mwa odwala onse a usiku umenewo mwina ndi amene jakisoni wotchipa angamubweze msanga. Akachira amafunika munthu womumvetsera, wa uphungu monga amene a St John of God amaphunzitsa ku Mzuzu, asanabwerere ku nyumba kumene ngongole ndi botolo lija zikumudikira.

Chimene Sri Lanka idali nacho, chimene ife tingayambe mawa popanda thandizo la kunja, ndi kaundula. Madokotala kumeneko ankalemba dzina la mankhwala amene wodwala aliyense wamwa, nthawi imene wafika, atropine amene walandira, ndi mmene zathera. Mabukuwo ndi amene adauza oyang'anira mankhwala kuti aletse ati n'kusiya ati. Kwathu kuno mzere wa m'buku umangoti "poisoning", kapena "OP poisoning" ngakhale pamene palibe waona botolo. Ophunzira anzanga a ku KUHeS, a unamwino, a ku LUANAR, chaka chilichonse timasaka mitu ya kafukufuku n'kumabwereza mafunso omwe aja ofunsa anthu ngati amadziwa kuipa kwa malungo. Nawu mutu: chipatala chimodzi cha boma, miyezi khumi ndi iwiri, wodwala aliyense wa poizoni, chithunzi cha botolo kapena kapepala kamene achibale abwera nako, mtunda umene ayenda, ndi timabotolo ta atropine timene tidali m'kabati usiku umenewo.